Mtengo wa mowa kwa anthu a ku Ireland okhala kunja: chimaukweza n'chiyani, chimautsitsa n'chiyani?

Wiski wa Jameson amatchezedwa ku Midleton, m'chigawo cha Cork ku Ireland. Akathiridwa m'mabotolo amakwezedwa m'malole ndi m'sitima zapamadzi mpaka kukafika m'masitolo a ku Berlin ndi ku Madrid. Munthu angaganize kuti ulendo wonsewo ukweza mtengo, koma kawirikawiri botolo lomwelo limakatchipa kunjako kuposa m'sitolo ya ku Cork komweko. Anthu a ku Ireland amene angosamukira kumene ku Germany kapena ku Spain amadabwa nazo. Pomwe anzawo amene analowera ku Sydney, ku Oslo kapena ku Dubai amalira kuti usiku umodzi wa ku bala ukuwatha m'thumba kuposa kwawo. Onsewa akunena zoona, ndipo m'pamene nkhaniyi imasokonezera.

Si nkhani ya anthu owerengeka. Bungwe la boma loona za ziwerengero ku Ireland, Central Statistics Office, linapeza kuti m'chaka chimene chinatha mu Epulo 2024 nzika za dzikolo pafupifupi 34,700 zinasamukira kunja, ndipo mwa anthu onse amene anachoka, 10,600 anapita ku Australia. Ambiri ndi achinyamata: anamwino, aphunzitsi, amisiri a zomangamanga. Akafika, pambali pa lendi, chinthu china chimene amafulumira kuyerekeza ndi kwawo ndi mtengo wa pint. Pint ndi tambula yaikulu ya mowa imene ku Ireland ndi ku Britain imalowa mamililita 568, kupitirira pang'ono theka la lita.

Kwawo mowa ndi wodula kale

Kuti timvetse chifukwa chake wina akusangalala pomwe wina akudandaula, tiyambe ndi kumene akuchokera. Bungwe la Eurostat likamayerekeza mitengo ya m'masitolo m'mayiko a European Union, Ireland imakhala pamwamba pamodzi ndi Finland, ndipo mitengo yake ya mowa imakhala pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi mtengo wapakatikati wa mayiko onsewo. Zinthu zitatu ndizo zimachititsa.

Choyamba ndi msonkho wotchedwa excise. Umenewu ndi msonkho wapadera umene boma limaika pa katundu wina monga mowa, fodya ndi mafuta a galimoto. Pa mowa ndi pa zakumwa zaukali suwerengedwa potengera mtengo wa botolo, koma potengera kuchuluka kwa alcohol, chinthu chimene chimaledzeretsa m'chakumwacho. Ku Ireland, lita imodzi ya alcohol weniweni m'zakumwa zaukali imakhomeredwa €42.57. Botolo la wiski la mamililita 700 la mphamvu ya 40 peresenti limakhala ndi msonkho wa €11.92. Botolo la vinyo wamba limakhomeredwa €3.19, kaya vinyoyo ndi wapamwamba kaya wotchipa.

Chachiwiri ndi VAT, msonkho wa pa malonda, umene pa mowa ndi 23 peresenti. Umawerengedwa pa mtengo umene excise yalowamo kale, kutanthauza kuti wogula amalipira msonkho pamwamba pa msonkho unzake.

Chachitatu n'chatsopano. Kuyambira pa 4 Januwale 2022, potsatira lamulo la Public Health (Alcohol) Act la 2018, palibe wololedwa kugulitsa mowa pa mtengo wochepera masenti 10 pa galamu iliyonse ya alcohol. Tiwerenge ndi botolo la wiski lija. M'menemo muli magalamu pafupifupi 221 a alcohol, choncho silingagulitsidwe pansi pa €22.09. Likagulitsidwa pa mtengo wotsikitsitsawo, €11.92 ndi ya excise, pafupifupi €4.13 ndi ya VAT. Boma latenga mayuro 16, ndipo mayuro 6 otsalawo ndi amene agawane wotcheza, wonyamula ndi mwini sitolo. Vinyo wa 12.5 peresenti sangatsike pansi pa €7.40, ndipo chitini cha theka la lita cha mowa wa 4.3 peresenti sichingatsike pansi pa €1.70.

Anthu ambiri amasokoneza mtengo wotsikitsitsawu ndi msonkho. Si msonkho ayi. Ndalama yowonjezerayo, kupatula kagawo ka VAT, imatsala kwa ogulitsa. Ochirikiza lamuloli, makamaka madokotala, amati limalimbana ndi mowa waukali wotchipa umene umapha anthu omwa kwambiri. Otsutsa amati limapweteka anthu osauka amene amamwa mosapitirira malire, ndiponso limangokankhira ogula kutsidya la malire. Mfundo yachiwiriyi ili ndi pogwira: Northern Ireland ili pansi pa United Kingdom, choncho lamuloli siligwira ntchito kumeneko, ndipo tauni yake ya Newry inadziwika kalekale ndi anthu ochokera kumwera odzadza magalimoto ndi katundu.

Kumene boma limakhomera pang'ono, ndi kumene limagwira zolimba

Tsopano nkhani ya Jameson ija ikumveka. Katundu wotumizidwa kunja salipira excise ya ku Ireland, amakalipira ya dziko limene akukamwedwa. Ku Germany lita ya alcohol weniweni imakhomeredwa €13.03, ndiye botolo lija limalipira pafupifupi €3.65 basi, ndipo VAT kumeneko ndi 19 peresenti. Kusiyana kwa mayuro oposa 8 kumeneku kumakwirira ndalama zonse za ulendo n'kutsalako. Pa vinyo ndiye kusiyana n'kwakukulu zedi, chifukwa malamulo a European Union amalola dziko kusaika excise pa vinyo wamba, ndipo Spain, Italy, Portugal ndi Germany saikadi. France imaika masenti ochepa chabe pa botolo. Awa ndi mayiko olima mphesa, ndipo maboma awo amaona vinyo ngati mbewu ya alimi awo. Mphunzitsi wa ku Galway, ku Ireland, amene wapeza ntchito ku Valencia, ku Spain, angagule mabotolo awiri kapena atatu ndi ndalama imene kwawo akanagulira limodzi.

Kumpoto kwa Ulaya zinthu n'zosiyana. Ku Sweden mowa woposa 3.5 peresenti wokamwera kunyumba pafupifupi wonse umagulitsidwa m'masitolo a boma otchedwa Systembolaget, amene Lamlungu satsegula. Ku Norway kuli Vinmonopolet, ku Finland kuli Alko. Cholinga cha mayikowa n'chodziwikiratu: mowa ukhale wodula ndi wovuta kuupeza kuti anthu amwe pang'ono. Munthu wa ku Ireland akafika ku Oslo amapeza kuti kwawo sikunali kodula kwenikweni.

Ku Dubai, kumene aphunzitsi ndi anamwino ambiri a ku Ireland amakopeka ndi malipiro osadulidwa msonkho, mowa umapezeka m'malo okhala ndi chiphaso okha, ambiri a iwo ali m'mahotela. Msonkho wa 30 peresenti pa mowa unaimitsidwa kumayambiriro kwa 2023 pofuna kukopa alendo, koma unabwezeretsedwa mu Januwale 2025. Mtunda wochepa kuchoka pamenepo, ku Sharjah, mowa ndi woletsedwa.

Nako ku Britain malamulo sali amodzi. Scotland inayamba mtengo wotsikitsitsa mu Meyi 2018 ndipo inaukweza mu Sepitembala 2024, Wales inayamba mu 2020, koma England ilibe. Munthu wa ku Ireland wokhala ku Manchester, ku England, amagula zitini zotchipa kuposa mlongo wake wokhala ku Glasgow, ku Scotland.

M'bala, msonkho si umene ukulamulira

Zonse tanenazi zikukhudza kwambiri mowa wogula m'sitolo. M'bala nkhani imatembenuka, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amalakwitsa. Pint ya Guinness, mowa wakuda wa ku Ireland umene mphamvu yake ndi 4.2 peresenti, ili ndi excise ya masenti pafupifupi 54 okha. Ikagulitsidwa €6, umene unali mtengo wofala ku Ireland mu 2025, VAT ndi €1.12. Zotsalazo, mayuro oposa 4, zimapita kwa wofulula, lendi ya nyumba, malipiro a antchito, magetsi, inshulansi ndi phindu la mwini bala. N'chifukwa chake pint yomweyo, ya msonkho womwewo, imakhala yotsikirapo m'katauni ka kumudzi, koma ku Temple Bar, dera la alendo mu Dublin, imayandikira mayuro 10. Wakumwayo akulipira mpando umene wakhalira ndi msewu umene bala ili.

Lamulo lomweli limatsatira munthu kunja. Pint ya pakati pa London kapena ku Manhattan imadula chifukwa malo kumeneko ndi odula. Ndipo pali china chowonjezera. Munthu wa ku Ireland akapukwa kwawo safuna mowa wina uliwonse, amafuna Guinness wa pampopi, wothiridwa kawiri monga achitira kwawo: tambula idzazidwe mpaka pafupi kumapeto, idikire thovu likhazikike, kenako imalizidwe. Mowa umenewu umafuna mpweya wa nitrogen, mpopi wakewake ndi mipope yotsukidwa pafupipafupi. Guinness wa pampopi amene amamwedwa ku Britain amachokera ku St James's Gate mu Dublin, kumene Arthur Guinness anayamba kufulula mu 1759, chifukwa fakitale ya ku Park Royal mu London inatsekedwa mu 2005. Mu Disembala 2024 anthu ofuna Guinness ku Britain anachuluka mpaka kampani ya Diageo, mwini wake, inayamba kuchepetsa migolo imene bala iliyonse ingaitanitse.

Zotsatira zake n'zakuti ku Prague kapena ku Madrid, kumene mowa wa komweko ndi wotchipa, munthu amene walowa m'bala ya chiairishi amalipira kwambiri kuposa mnzake amene wakhala pakhomo loyandikana n'kuitanitsa mowa wa m'dzikomo. Dziko ndi lotchipa, koma zakwawo n'zodula.

Tambula sizifanana

Wogula chimanga pamsika amadziwa kuti asanafunse mtengo wa ndowa ayenera kuona kaye kukula kwa ndowayo. Ndi mmenenso zilili ndi pint. Ku America pint imalowa mamililita 473, kuchepa ndi mamililita 95 poyerekeza ndi ya ku Ireland. Munthu akamwa zisanu ndi imodzi za ku New York, amakhala wamwa zisanu zokha za ku Dublin. Mabala ena a chiairishi kumeneko amasunga matambula aakulu a kwawo, ena sasunga, ndipo pa chikwangwani cha mitengo sizilembedwa nthawi zonse.

Ku Sydney tambula yofala ndi schooner, ya mamililita 425, pomwe pint yawo ndi ya 570. Wongofika kumene amaona mtengo wa schooner n'kuganiza kuti wapeza zotchipa, osadziwa kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a pint mulibe. Ku Adelaide ndiye kumasokoneza kwambiri, chifukwa ukaitanitsa pint amakupatsa ya mamililita 425. Ku Spain mowa wa pampopi amaupereka m'katambula kotchedwa caña, kamene nthawi zambiri sikafika ngakhale theka la pint.

Ku America ndi ku Canada mtengo wolembedwa si umene munthu amalipira. Msonkho wa malonda umawonjezedwa pomaliza, ndipo mumzinda wa New York ndi 8.875 peresenti. Pamwamba pake pamabwera tipi, ndalama yothokozera woperekera mowa. Ku Ireland munthu woitanitsa pint pakauntala sayembekezeredwa kusiya tipi. Ku Boston kapena ku Toronto tipi ndi mbali ya malipiro a wantchitoyo, ndipo kusaisiya n'kumumana chake. Mwambo ndi dola kapena awiri pa chakumwa chilichonse, kapena 15 mpaka 20 peresenti ya bilu yonse.

Australia: mowa wodula, vinyo wotchipa

Dziko limeneli liyenera kulongosoledwa palokha chifukwa ndi kumene achinyamata ambiri a ku Ireland akuthamangira, ambiri pa chiphaso cha tchuthi chololeza kugwira ntchito. Madera a Bondi ndi Coogee mu Sydney anadzaza nawo mpaka anthu amati County Bondi, ngati kuti ndi chigawo china cha ku Ireland.

Ku Australia excise ya mowa ndi ya zakumwa zaukali imakwera yokha kawiri pachaka, mu Febuluwale ndi mu Ogasiti, motsatira kukwera mitengo kwa zinthu. Sipafunika nduna kuimirira m'nyumba ya malamulo kudzalengeza. Eni mabala atadandaula kwa nthawi yaitali, boma linaimitsa kukwera kumeneku pa mowa wa pampopi kwa zaka ziwiri kuyambira mu Ogasiti 2025, koma pa zitini, mabotolo ndi zakumwa zaukali kukupitirira.

Vinyo ali ndi msonkho wina, Wine Equalisation Tax, wa 29 peresenti pa mtengo wa pikulitsa. Taonani kusiyana kwake: uwu ukuwerengedwa pa mtengo, osati pa alcohol. Vinyo akatchipa, msonkho wake umatchipanso, ngakhale kuti akuledzeretsa chimodzimodzi ndi wodula. Pachifukwa chimenechi vinyo wa m'katoni wa malita angapo, amene achinyamata amamutcha goon, ndiye njira yotchipitsitsa yoledzerera m'dzikomo. Mnyamata wothyola zipatso pafamu kuti awonjezere chiphaso chake sakwanitsa kumwa ma pint ku bala usiku uliwonse, koma katoni ya vinyo amaikwanitsa. Kudula kwa bala sikumuletsa kumwa, kumangomusamutsira ku hositelo, kumene palibe woyeza tambula kapena womuuza kuti zakwana. Akatswiri a zaumoyo ku Australia akhala akupempha kuti zakumwa zonse zizikhomeredwa potengera alcohol, koma alimi a mphesa amati zimenezo zingawononge ulimi wawo.

Mtengo uziyezedwa ndi malipiro

Miyezi yoyamba, munthu wosamuka amasintha mtengo uliwonse kupita ku mayuro m'mutu mwake. Njira imeneyi imanamiza. Funso loyenera ndi lakuti pint imodzi ikudya mphindi zingati za ntchito. Ku Ireland malipiro otsikitsitsa mu 2025 anali €13.50 pa ola, ndiye pint ya €6 ndi mphindi pafupifupi 27 za ntchito. Ku Australia malipiro otsikitsitsa kuyambira mu Julaye 2025 anali madola 24.95 a kumeneko pa ola, ndipo amisiri a zomangamanga ndi a m'migodi ya ku Western Australia amalandira zoposa pamenepo kutalitali. Kwa iwowa pint yooneka yodula ikhoza kukhala yopepuka kuposa ya kwawo. Mbali inayo, wophunzitsa Chingelezi ku Spain amamwa motchipa, koma malipiro akenso ndi a ku Spain. Amene amapindula kwenikweni ndi wolandira malipiro a ku Dublin uku akukhala ku Lisbon, kapena wopuma pantchito wokhala ku Costa del Sol, kugombe la Spain, ndi penshoni ya kwawo.

Raundi, ndi chimene bala imagulitsa kwa mlendo

Kwa ine, mbali iyi ndiyo yolemera kuposa misonkho yonse. Ku Ireland anthu akamwera pamodzi amagulirana raundi: mmodzi amagulira gulu lonse, wina n'kutsatira, mpaka aliyense atagula. Kuchoka nthawi yako isanakwane n'chamanyazi, ndipo anthu sakuiwala msanga. Mwambowu umawoloka nyanja. Gulu likakhala la anthu asanu ndi mmodzi, ndalama ya usikuwo si mtengo wa pint imodzi koma wa zisanu ndi imodzi, ndipo amene amafuna kumwa ziwiri zokha amapezeka wamwa zonse. Pamene pint yakwera ndi dola imodzi, raundi yakwera ndi madola 6.

Nanga bwanji osangokhala kunyumba? Chifukwa kwa munthu amene ali kutali ndi kwawo, bala ya chiairishi si malo omwera chabe. Ndi kumene amaonera masewera a kwawo, mpira wa Gaelic ndi hurling (womenya kampira ndi ndodo), pa kanema, nthawi zina m'bandakucha chifukwa cha kusiyana kwa nthawi. Ndi kumene amamva za chipinda cha lendi, za ntchito, za timu ya GAA, bungwe la masewera a kwawo limene lili ndi makalabu m'mizinda yambiri padziko lapansi. Ndi kumene amamva kalankhulidwe ka kwawo popanda wina kumufunsa kuti abwereze. Ndalama imene amasiya pakauntala ina ndi ya mowa, ina ndi yothawira kusungulumwa.

Mbiri ikusonyeza kumene zimenezi zingathere. M'zaka za m'ma 1950 anthu zikwi mazanamazana anachoka ku Ireland kupita ku Britain, amuna ambiri kukakumba misewu ndi ngalande ndi kumanga nyumba. Ku London ankakhala ku Kilburn, ku Cricklewood ndi ku Camden Town, m'zipinda za lendi zozizira zimene munthu sakanatha kukhalamo madzulo onse. Ntchito inkapezeka kudzera m'bala, ndipo ambiri amene analibe akaunti ku banki ankasinthitsa cheke cha malipiro kwa mwini bala. Munthu ankadikira ndalama zake uku akumwa, ndipo gawo la malipirowo linkatsala pomwepo. Ena anakweza mabanja ndi kutumiza ndalama kwawo kwa zaka zambiri. Ena anakalamba okha, opanda penshoni, akuchita manyazi kubwerera chimanjamanja. Mabungwe ngati London Irish Centre ku Camden akhala akuthandiza anthu oterewa, ndipo kuyambira mu 2004 boma la Ireland limapereka ndalama ku mabungwe othandiza nzika zake kunja kudzera mu Emigrant Support Programme.

Si bwino kuganiza kuti munthu aliyense wa ku Ireland ndi chidakwa. Mbiri yoteroyo yawapweteka kwa zaka zambiri, ndipo ziwerengero zikusonyeza kuti kumwa m'dzikolo kwatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera mu 2001.

Muyezo wa azaumoyo nawo umasintha

Azaumoyo amawerenga mowa ndi muyezo umene amautcha standard drink, koma muyezowu si umodzi padziko lonse. Ku Ireland ndi ku Australia ndi magalamu 10 a alcohol, ku Britain ndi 8, ku America ndi 14. Bungwe la zaumoyo la ku Ireland, HSE, lakhala likulangiza kuti mwamuna asapitirire miyezo 17 pa sabata ndipo mkazi asapitirire 11, ndiponso pakhale masiku awiri osamwa. Ku Britain malangizo ndi miyezo yawo 14 kwa onse, amene ndi magalamu 112. Ku Australia ndi miyezo 10 pa sabata, osapitirira 4 pa tsiku. Pint imodzi ya mowa wamba ndi miyezo iwiri ya ku Ireland. Choncho gulu lija la anthu asanu ndi mmodzi likamaliza kuzungulira, aliyense wamwa miyezo 12, kupitirira malire a sabata yonse a ku Australia pa usiku umodzi.

Mphamvu ya mowa nayo imabisala. Wozolowera Guinness wa 4.2 peresenti akafika ku Vancouver amapeza mowa wa mafakitale ang'onoang'ono wa 6 kapena 7 peresenti, tambula imodzimodzi. Ku Nigeria, kumene Guinness anatsegula fakitale ku Ikeja kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Guinness wa m'botolo ndi wa 7.5 peresenti. Ku Dubai kuli mwambo wa brunch, wolipira kamodzi n'kudya ndi kumwa mmene ungathere kwa maola angapo. Chifukwa mowa wogula umodziumodzi ndi wodula, anthu amamwa mothamanga kuti ndalama yawo ibwerere nthawi isanathe.

Pobwerera kwawo

Nthawi ya Khirisimasi ambiri amanyamula mabotolo. Wochokera m'dziko la European Union akhoza kulowa ku Ireland ndi mowa wambiri bola ukhale womwa yekha, ndipo a kasitomu amayamba kufunsa mafunso ukapitirira malita 10 a zakumwa zaukali, 90 a vinyo kapena 110 a mowa. Wochokera kunja kwa bungweli, monga ku Australia, ku America kapena ku Dubai, amaloledwa lita imodzi yokha ya chakumwa chaukali, malita 4 a vinyo ndi 16 a mowa popanda msonkho. Kuyambira mu Januwale 2021, Britain itatuluka mu European Union, wochokera ku London nayenso ali m'gulu lachiwirili, koma mwayi wake ndi wakuti akhoza kugula m'masitolo opanda msonkho a pabwalo la ndege.

Achinyamata ena, kwawo ndi kunja komwe, ayamba kuitanitsa mowa wopanda alcohol monga Guinness 0.0, kuti akhalebe m'gulu ndi kugula raundi yawo popanda kudzuka ndi matsire. Ku Ireland mowa woterewu sulipira excise ngakhale senti imodzi. Komabe m'bala mtengo wake umangotsika pang'ono poyerekeza ndi wa Guinness wamba. Ofulula amati amayamba afulula mowa wonse monga mwa nthawi zonse kenako n'kuchotsamo alcohol, imene ndi ntchito yowonjezera, ndipo mwini bala amati lendi, magetsi ndi malipiro a wothira sizisintha chifukwa choti m'tambulamo mulibe choledzeretsa.